Sipana tili nazo, kiyi wa kompyuta ali kwa dealer

aPhiri a ku Gazaland: Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Pepani kulemba usiku uno, koma nkhaniyi yandikhala pamtima chiyambire masana. Sabata yatha kunabwera pikapu ya dizilo ya 2019, ya bwana wina amene ndakhala ndikumukonzera galimoto kwa zaka 11. M'mawa inkafuka utsi woyera, injini n'kumanjenjemera. Nditafufuza ndinapeza kuti injekita ya nambala 3, kachitsulo kopopera dizilo m'injini, yatha. Tinagula yatsopano ya m'bokosi, ndinaimanga bwinobwino, washa wa kopa watsopano. Kuliza, yalira, koma ikugogoda ngati munthu akusinja mumtondo mopanda chimanga. Amene mumagwira za dizilo mukudziwa kuti pamutu pa injekita pamakhala zilembo ndi manambala, ndipo ziyenera kulowetsedwa m'kompyuta ya galimoto kuti idziwe muyeso wa mafuta. Ndiye ndinalumikiza makina anga aja. Zolakwika akuwerenga, koma kuti alembe manambala aja, ayi, galimoto imeneyi mulibe pamndandanda wake. Akuti ndilipire kaye update, yowonjezera galimoto zatsopano m'makinamo, imene ndinasiya kulipira zaka zitatu zapitazo.

aPhiri a ku Gazaland: Lero ndaperekeza bwana uja kwa dealer, galaja yovomerezedwa ndi kampani yopanga galimotoyo. Mnyamata wa yunifolomu walumikiza laputopu, mphindi 20 sizinakwane, kugogoda kwatha. Bilu madola 120. Ine ntchito yonse ya masiku awiri, manja bii, ndinatchaja 60. Koma chimene chandibaya si ndalama ayi. Pobweza makiyi, munthu wa pakauntala wauza bwana uja, ine nditaima pomwepo, kuti galimoto ngati iyi asamaipereke kwa a pansi pa mtengo. Bwana sanayankhe. Pobwerera m'galimoto munali zii mpaka ku Highfield, kumene kuli Gazaland wathu muno mu Harare.

NaBanda wa ku Mabvuku: Ayi pepani bambo. Pansi pa mtengo pomwepo mpamene pakuyendetsa Harare yense. Makombi onsewa amapita kwa dealer liti?

Che Saidi wa Kombi: Yanga ikangoona geti la dealer imazima yokha ndi mantha.

Agogo aNkhoma: Ana anga, ine ndinagwirako ntchito ku Willowvale masiku amene tinkamanga Mazda 323 ndi ma B1800. Nthawi imeneyo buku la galimoto linali buku ndithu, lapepala, ukagula lakhala lako mpaka mdzukulu. Langa la Haynes la Peugeot 504 lidakalipo, masamba ake akuda ndi oyilo, chikuto ndinachimata ndi selotepi. Palibe anabwerapo kudzandiuza kuti chaka chatha, lipiraninso kuti mupitirize kuwerenga. Tsono zamasiku anozi ndi kugula kapena kubwereka?

Yohane wa pa Kaguvi: Ndi kubwereka agogo, ndipo khasu lobwereka silichedwa kuguluka. Ndifotokozeko pang'ono poti ine ndimadyera pamenepa. Kabowo kaja ka mapini 16 kamene kali pansi pa chiwongolero ndi OBD2. Ku America analamula kuti kuyambira galimoto za 1996 zonse zikhale nako, ku Ulaya anatsatira 2001 pa za petulo, za dizilo pambuyo pake. Cholinga chawo chinali cha utsi, kuti aliyense athe kuona ngati injini ikuipitsa mpweya. N'chifukwa chake makhodi oyamba ndi P0 ndi a tonse. P0300 ndi kuphonya moto, P0171 ndi mpweya wochuluka kuposa mafuta, P0420 ndi catalytic, chosefera utsi chija. Zimenezo ngakhale ka ELM327 kotchipa kolumikiza ku foni kamawerenga. Koma kumeneko ndi pakhonde chabe. Kuchipinda kuli giyabokosi, ABS, ma airbag, kiyi, kulemba injekita, ndipo kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yakeyake. Toyota ali ndi Techstream, Honda HDS, Nissan Consult, Mercedes Xentry, Volkswagen ODIS, BMW ISTA. Makina ngati Launch ndi Autel amayesa kusonkhanitsa zonse m'bokosi limodzi, koma chaka chilichonse amafuna yawo. Ukapanda kulipira sakulanda zakale, koma galimoto zatsopano umangoziyang'ana ndi maso, monga zawachitikira malume aPhiri.

aPhiri a ku Gazaland: Ndipo mtengo wa update imeneyo ndi madola mazanamazana, mphwanga. Galimoto zofuna zimenezo zimabwera mwina zinayi pachaka. Ndibweza bwanji ndalama imeneyo? Ana adye update?

aMwale a ku Msasa: Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa ndikudziwa kuti ndikalankhula miyala igwera ine. Ambiri mukudziwa kuti ndimagwira kwa dealer wina, osati kumene anapita achimwene aPhiri. Mawu a pakauntala aja ndi achipongwe, sindingawaikire kumbuyo. Koma za madola 120 ndiyankhe. Mukuona mphindi 20, simukuona chimene chili kuseri kwa mphindi zimenezo. Laputopu ija si yathu mwaulere, nafenso timalipira laisensi kwa eni fakitale. Mnyamata uja anatumizidwa ku maphunziro. Pali zida zina zimene timakakamizidwa kugula ngakhale tidzazigwiritse ntchito kamodzi pa zaka ziwiri. Pali lendi, msonkho, jenereta magetsi akathima. Ndipo ntchito ikalakwika timaibwereza osalipiritsa. Dealer si amene anatseka chitseko, naye ndi wa lendi m'nyumbamo.

NaBanda wa ku Mabvuku: Wa lendi wokhala ndi makiyi a nyumba yonse, achimwene.

aMwale a ku Msasa: Chabwino achemwali, koma tinene zonse. Mwezi watha kunabwera galimoto imene mwini wake ankadandaula kuti ikumwa mafuta. Kusuzumira pansi, catalytic anaichotsa n'kuwotchererapo paipi, ndipo kagetsi ka check engine pa dashibodi anakamata tepi yakuda mkati kuti kasaoneke. Mwini wake sankadziwa kanthu, anangoisiya pena pake kuti asinthe mabuleki. Ina inabwera giyabokosi ya CVT atathiramo oyilo wa otomatiki wamba. Anthu ngati amenewa mukufuna apatsidwe mphamvu yolemba makiyi atsopano ndi kusintha za airbag? Mawa galimoto zanu zikayamba kusowa pa geti mudzalira ndani?

aPhiri a ku Gazaland: aMwale, akuba alipo, kuno ndi kwanu komwe. Ine sindikupempha kiyi wa galimoto ya munthu. Ndikupempha kulemba manambala amene asindikizidwa pa chitsulo chimene ndagula ndi ndalama. Ndipo uja anathira oyilo wolakwika mu CVT, munamufunsa ngati anali ndi poti awerenge? Mumabisa buku, kenako n'kumaseka kuti sitidziwa kuwerenga.

Che Saidi wa Kombi: Apo mwalasa mdala.

NaBanda wa ku Mabvuku: Ndikuuzeni yanga, mwina ithandiza. Ndili ndi ma Honda Fit awiri akale aja, amene anyamata amandiyendetsera. Imodzi inayamba kudukiza ikamakwera mtunda. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wa kompyuta m'tauni, madola 10. Anaonetsa khodi pa sikirini, nkhope ili gwa, akuti sensa. Ndagula sensa, palibe chasintha. Akuti mapulagi. Wasintha, ndalipira, ikudukizabe. Mpaka ndinaikokera kwa bambo aPhiri. Iwo sanalumikize chilichonse. Anangotsegula boneti, kumvetsera, n'kundifunsa kuti mapulagi munagula angati? Ndati anayi. Anaseka mpaka kukhosomola. Kani injini imeneyi ili ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse, anayi kutsogolo ndi anayi obisika kumbuyo. Akumbuyowo atawatulutsa anali odyeka ngati mano a nkhalamba, mwina chichokere ku Japan sanakhudzidwepo.

Yohane wa pa Kaguvi: Ndi injini ya L13A i-DSI imeneyo mayi, ya mu Fit GD1. Yadyetsa anthu ambiri ndalama. Ndipo ndivomere, ife a malaputopu tili ndi matenda athu. Khodi sinena kuti chawonongeka ndi chakuti, imangonena kumene kukupweteka. P0171 ikhoza kukhala kapaipi kong'ambika ka madola awiri, koma munthu amathamangira kugulitsa sensa. Makina opanda dayagiramu ya mawaya ndi miyeso yoyenera ali ngati sing'anga wongoloza kuti mwalodzedwa osatchula mankhwala.

aMwale a ku Msasa: Nkhani ya achemwaliyi ikugwirizana ndi zimene ndikunena. Kugula makina si kudziwa ntchito.

NaBanda wa ku Mabvuku: Ayi, ikugwirizana ndi za bambo aPhiri. Mnyamata uja akanakhala ndi tsamba limodzi lolembedwa kuti mapulagi ndi 8, sindikanataya sabata ziwiri. Komanso aMwale, Fit yangayo nditabwera nayo kwanu mungailandire?

aMwale a ku Msasa: Kunena zoona, ex-Japan, zija zoitanitsa ku Japan zitayenda kale, zambiri ngakhale kwa ma dealer zimavuta. Zinapangidwira msika wa ku Japan, sizinadzere mwa ife, masipeya ake ena sitisunga. Nthawi zina timatumiza munthu kukawasaka ku msewu wa masipeya wa Kaguvi komweko.

Che Saidi wa Kombi: Hahaha ndiye mtengo uja mumakhala pansi pake nanunso, kungoti mumabwera mutavala yunifolomu!

aGama ali ku Joni: Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Moni akuluakulu, moni agogo. Kuno nkhani imeneyi anaimenyera nkhondo zaka zingapo, gulu la Right to Repair South Africa ndi eni magalaja ang'onoang'ono. Competition Commission inatulutsa malangizo amene anayamba kugwira ntchito pa 1 July 2021. Mfundo zake zikuluzikulu ndi izi. Munthu wa galimoto yatsopano akhoza kukachititsa sevisi ku galaja yoima payokha walanti osafa yonse. Akhoza kuikitsa masipeya osakhala a kampaniyo. Pogula galimoto, mtengo wa service plan, sevisi yolipiriratu ija, uyenera kuonetsedwa padera kuti usankhe wekha kuitenga kapena ayi. Ndipo opanga galimoto ayenera kutsegulira magalaja oima paokha mabuku ndi maphunziro. Koma musaganize kuti ndi zaulere, amaloledwa kulipiritsa. Komanso makaniko wako akawononga chinthu, kampani ili ndi ufulu wokana kulipira chimenecho. Galaja imene ndimagwirako inayamba kulandira galimoto zimene kale sitinkaziona n'komwe, koma abwana amadandaula tsiku lililonse ndi ndalama za malaisensi.

Mayi a Tadala: Ndiwonjezere pa za achimwene aGama, poti mwana wanga wamkulu ali ku koleji ya zaumakaniko ndiye nkhanizi zimakambidwa pa mphasa kunyumba kuno. Ku Ulaya lamulo la 2007, lomwe lija linabweretsa muyeso wa utsi wa Euro 5, linakakamiza opanga galimoto kuti zofunika pokonza azipereka kwa magalaja onse pamtengo woyenera. Ku America boma la Massachusetts linavota mu 2012, n'kudzavotanso mu 2020 chifukwa galimoto zatsopano zinayamba kutumiza uthenga wa matenda ake kwa kampani kudzera pa intaneti, osadzera pa kabowo ka Yohane kaja. Makampani anathamangira kukhoti. Australia nayo inayamba lamulo lake pa 1 July 2022. Konseku palibe kumene kampani inadzuka m'mawa n'kutsegula chitseko mwa chifundo. Kuno tili ndi Competition and Tariff Commission, tilinso ndi Consumer Protection Act ya 2019. Funso langa ndi lakuti adzagogode kumeneko ndani? Amakaniko athu aliyense ali pa mtengo wake.

aPhiri a ku Gazaland: Mayi, kukagogoda ku ofesi amayamba akufunsa pepala la kampani ndi la msonkho. Theka la Gazaland lithawa musanamalize chiganizo.

Agogo aNkhoma: Makolo athu anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, opanda pepala lililonse, koma anayambitsa mabungwe a maliro amene alipo mpaka lero. Za maliro timatha kusonkha, za amoyo zimatikanika bwanji?

Yohane wa pa Kaguvi: Agogo mwanena. Koma ndikuuzeni mmene tikupulumukira panopa, poti tili pa gulu lathu. Ambiri a ife tili ndi mawaya a ku China ndi mapulogalamu okopera. Pa galimoto zakale zimagwira, sindinama. Koma tsiku lina ndinatuluka thukuta la m'mano. Ndinkalemba pulogalamu m'kompyuta ya galimoto ya munthu, kamzere kafika pakati, laputopu yathima. Batire yake inali yotha, ndipo magetsi anapita nthawi yomweyo. Galimoto inabwera ikuyenda yokha, inasanduka mwala. Kutembenuza kiyi, ngakhale fani osazungulira. Ndinagula bokosi lina la pa galimoto yangozi ndi ndalama zanga, kenako kulipiranso wina kuti aligwirizanitse ndi kiyi. Phindu la mwezi wonse linathera pamenepo, ndipo mwini wake mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali. Chiyambire tsiku limenelo sindilemba kanthu popanda chaja pa batire ya galimoto ndi inveta pambali.

aMwale a ku Msasa: Zikomo mphwanga ponena chilungamo. Zimenezo zimafika kwathu zili pa ngolo.

Yohane wa pa Kaguvi: Zimafika malume, koma njira yoongoka mwatitsekera. Ku Ulaya Volkswagen amagulitsa mabuku awo pa intaneti ngakhale kwa ola limodzi, ku America Toyota amagulitsa kwa masiku awiri. Munthu umalipira pa ntchito imene ili pamaso pako, n'kuika pa bilu ya kasitomala. Zimenezo n'zimene zingatikwane ife, osati za chaka chonse. Koma mawebusaiti amenewo anakonzera misika yawo. Toyota Probox ndi Wish, zimene zadzaza mu Harare muno, sizinagulitsidweko ku America kapena ku Ulaya, ndiye m'mabuku awo mulibe. Toyota Aqua bola, ku America inkatchedwa Prius c, umatha kubwereka nzeru kumeneko. Zina zonse buku lake ndi la Chijapani, timajambula ndi foni n'kumasulira mzere umodziumodzi.

Che Saidi wa Kombi: Wailesi ya mu Caravan yanga yakhala ikundilankhula Chijapani zaka zisanu. Ndikaliza m'mawa mayi wina amapereka moni, ine ndimangoti zikomo, tadzuka.

NaBanda wa ku Mabvuku: Che Saidi tatiyeni tikhale serious pang'ono, inu. Ine chikundiopsa n'chakuti boma linaletsa kuitanitsa galimoto zopitirira zaka 10. Ndiye kuti zakale zosavutazi zikutha pang'onopang'ono, zimene zikubwera ndi ma hybrid, oyendera petulo ndi batire, ndi zamakompyuta okhaokha. Ndimafuna kugula Aqua chaka chamawa. Ikadzadwala ndidzapita nayo kuti?

Yohane wa pa Kaguvi: Aqua musaope mayi, tayamba kuizolowera. Batire yake yaikulu ili pansi pa mpando wakumbuyo, ma module 20, mavoti 144. Ikaonetsa khodi ya P0A80 ambiri amangoti gulani batire yonse, pamene ndi makina abwino umaona gulu limene lafooka. Ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi kafani koziziritsa kamene kadzaza fumbi ndi tsitsi. Koma mawaya a olenji aja si oseweretsa, amapha. Zimene zikundidetsa nkhawa ine ndi zatsopano zenizeni. Kuyambira cha mu 2018 galimoto za gulu la Fiat Chrysler, monga Jeep, zinayamba kubwera ndi chimene amati secure gateway, Volkswagen nawo anaika loko wawo kuyambira pa Golf 8. Kuwerenga umawerenga, koma kuuza galimoto kuti ndasintha chakuti, pa Jeep ngakhale kufufuta khodi kumene, uyenera kukhala pa intaneti ndi akaunti yovomerezeka. Waya wa ku China pamenepo ndi chingwe choyanikira zovala.

aMwale a ku Msasa: Ndipo anaika zimenezo pa chifukwa. Mu 2015 akatswiri awiri ku America anaonetsa kuti angathe kulowerera Jeep ili pamsewu iwo ali kutali, kampani inaitanitsa galimoto 1.4 miliyoni kuti zikakonzedwe. Si nkhanza zokha ayi.

aPhiri a ku Gazaland: Sindikukana aMwale. Loko akhalepo. Koma mwini galimoto ndiye anene amene apatsidwe kiyi. Bwana wanga uja pikapu anagula ndi ndalama zake, palibe ngongole. Zikutheka bwanji kuti alibe mphamvu yonena kuti aPhiri ndi amene azindikonzera?

Mayi a Tadala: Tsono m'malo momangolira, bwanji tichite zimene anena agogo? Pagulu pano amakaniko mulipo angati? Ine ndawerenga asanu ndi awiri. Chipereganyu cha makina amodzi abwino, update yolipiridwa chaka chilichonse, aliyense akafuna aziitanitsa. Mutu umodzi susenza denga.

Che Saidi wa Kombi: Nanga azisunga ndani? Paja 2022 tinasonkha za jeke wamkulu uja, lero ali kuti?

aGama ali ku Joni: Jeke ameneyo musamutchule, mudzutsa mizimu.

Yohane wa pa Kaguvi: Makina si jeke, sungangopatsa aliyense. Akaunti imakhala ya munthu mmodzi, ndipo wosazolowera akhoza kupha galimoto ya eni ngati ndinachitira ine. Kuli bwino akhale ndi munthu mmodzi woyenda nawo. Mwandiitana ku Gazaland, ndakwera kombi, ndalemba injekita, amene anasonkha alipira zochepa, akunja alipira zonse, ndalama ina izipita m'thumba la update. Pakhale kabuku, asunge Mayi a Tadala, osati ine.

NaBanda wa ku Mabvuku: Wadzisankha wekha mwanawe! Koma nzeru yake ndi yabwino. Ine si makaniko koma ndiponyapo, bola ma Fit anga azikhala patsogolo pa mzere.

aMwale a ku Msasa: Ine laputopu ya kuntchito sindingaitulutse, ntchito ingandithere, ndipo musandipemphe. Koma Loweruka masana ndimakhala ndilibe chochita. Ndikhoza kumabwera kudzaonetsa anyamata kawerengedwe ka dayagiramu ya mawaya ndi kayezedwe ka sensa ndi mita musanaigule. Zimenezo zili m'mutu mwanga, palibe anazilembetsa laisensi.

aPhiri a ku Gazaland: Mubwere aMwale, mpando ulipo. Ndi mpando wa Hiace wakale koma ndi wofewa. Mudzauone mtengo wathu uja, ndi wa mango, uli ndi mthunzi wabwino. Yohane, ufufuze mitengo ya makina ndi update yake utiuze tisanafike Loweruka, tione ngati asanu ndi awirife tingakwanitse. Agogo, mubwere nalo buku la 504 lija anyamata adzalione.

Agogo aNkhoma: Ndibwera nalo, koma lisachoke m'manja mwanga. Za jeke ndazimva.

aPhiri a ku Gazaland: Mwadzuka bwanji abale. Bwana uja watumiza uthenga m'mamawa uno. Akuti Lolemba abweretsa galimoto ya mayi akunyumba, ka 2006 kaja, kakulira kutsogolo akamakhota. Za pikapu sanatchule, inenso sindinafunse.

NaBanda wa ku Mabvuku: Lolemba m'mawa ndi langa bambo, ndinanena kale sabata yatha za mabuleki. Bwanayo abwere masana.